Khoswe wa pa mkhate: mdani amene nkhani zathu zikumusowa

Pa mipikisano ya zisudzo za m'masukulu kuno ku Nkhotakota, kapena achinyamata akamachita sewero pabwalo la msika ku Salima, munthu woipa amadziwika asanatsegule n'komwe pakamwa. Amalowa atadzola makala kumaso, chipewa chili chopendekeka, kabotolo kakusuzumira m'thumba la jekete, n'kuyamba kuseka mokuwa: "Lero aona polekera!" Ana okhala kutsogolo amafa nalo phwete. Akuluakulu amayamba kucheza zawo, poti akudziwa kale kuti pakatha mphindi 20 apolisi afika, kapena mphenzi imugwera. Sewerolo limakhala litathera pomwepo, ngakhale osewera apitirize kukhetsa thukuta.

Wolakwa apa ndi wolemba, osati mnyamata wodzola makalayo. Munthu wooneka choncho palibe angamutsegulire chitseko, palibe angamubwereke khasu, palibe angamutumizire mwana kuti akamulere. Nanga apweteka ndani? Munthu amakupweteka kwenikweni akakhala pamalo poti sungamuthawe ndiponso sungamuthamangitse.

Makolo ananena kuti khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Khoswe wa kutchire alibe nkhani, umangomugenda basi. Wa pa mkhate ndiye amaimitsa dzanja lonyamula chibonga m'malere, chifukwa mkhatewo ndi umodzi wokha ndipo madzi akumwa ali momwemo. Ife tikuti mpangankhani (munthu wa m'nkhani) woipa amene amatsala m'mutu mwa owerenga ndi amene wakhala pa chinthu chimene anthu ena onse m'nkhanimo amadalira. Choncho wolemba asanayambe kuganiza za nkhanza zimene munthuyo achite, apeze kaye mkhatewo.

Mbiri ya Nkhotakota yomwe ili ndi chitsanzo chosafuna kukometsera. Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, anakhazikika kuno cha m'ma 1840. Iye ndi amene anamutsatira pa mpandowo ankachita malonda a minyanga ya njovu ndi akapolo, kuwolotsa anthu panyanja m'zombo kupita tsidya la kum'mawa, kumene ankayamba ulendo wapansi wopita ku Kilwa, doko la kunyanja yamchere m'dziko limene lero ndi Tanzania. Choipacho n'chosabisika. Koma funsani kuti n'chifukwa chiyani ulamuliro wotero unakhala zaka pafupifupi 50. Ajumbe anali ndi mfuti pa nthawi imene nkhondo za Angoni zinkasautsa midzi ya Achewa, ndipo anthu ambiri anathawira kufupi ndi iwo kuti atetezeke. Anali ndi nsalu, mikanda ndi wonga. Ulimi wa mpunga umene Nkhotakota akutchuka nawo lero umatchulidwa pamodzi ndi nthawi yawo. David Livingstone anafika kuno m'ma 1860 n'kukambirana ndi Jumbe, mkuyu umene amati anakhala pansi pake ukadalipo, koma malondawo sanaleke. Mu 1889 Harry Johnston, nthumwi ya boma la Angerezi, m'malo momenyana ndi Jumbe wa nthawi imeneyo, anachita naye pangano, ndipo pambuyo pake Angerezi ankamupatsa ndalama chaka ndi chaka. Ngakhale iwo anaona kuti khosweyo ali pa mkhate.

Wolemba amene angatenge nyengo imeneyi n'kujambula Jumbe ngati chilombo chobangula ndiye kuti wataya nkhani yonse. Nkhani ili pa mfumu ya mudzi imene ikudziwa kuti ikakana kupereka anthu a mudzi woyandikana nawo, mawa ilibe woiteteza. Ndipo wolembayo asamale: choipa chinali malonda a anthu ndi amene ankawachita, mwa iwo munali a mitundu yosiyanasiyana. Kusandutsa chipembedzo kapena mtundu wonse kukhala mdani n'kunama, ndiponso n'kuyatsa moto pakati pa anthu amene lero amagula ndi kugulitsa pa msika umodzi.

Tiyeni timange mdani mmodzi wa lero, kuti zimveke bwino. Titenge doko lililonse pakati pa Senga Bay ndi Chia. Pali bambo wina mwini chilimira: ukonde, maboti awiri, bwato la nyali, injini. Ali ndi alovi khumi, asodzi omugwirira ntchito panyanja. Mwa iwo muli mwana wa mlongo wake, amene ndiye mpangankhani wamkulu wa nkhani yathu. Mkhate ndi umenewo. Popanda injini ya amalume, mnyamatayu sangafike kumene kuli usipa, ndipo kwawo moto suyaka.

Tsopano wolemba akhale pansi ndi cholembera, awerengere. Alembi ambiri amalumpha pamenepa, ndiye chifukwa chake adani awo amakhala opanda mafupa. Manambala otsatirawa ndi ongopangira nkhaniyi, inu muike a padoko lanu. Usiku umodzi nsomba zagulidwa K600,000. Pangano ndi loti achotse kaye za mafuta ndi za nyali, zotsalazo agawe pakati, theka kwa mwini zipangizo, theka kwa alovi. Mafuta ndi nyali zadya K200,000. Zotsala K400,000, mwini K200,000, mlovi aliyense K20,000. Koma amene amakagula mafuta ndi bamboyo yekha, ndipo m'mawa amanena kuti zadya K260,000. Zotsala zakhala K340,000, mlovi aliyense walandira K17,000. Watayapo K3,000 yokha. Ndani angataye ntchito chifukwa cha K3,000? Koma bamboyo wapindula K30,000 usiku umenewo. Usodzi wa nyali umayenda mwezi ukakhala mumdima, ndiye tinene kuti pamwezi apita panyanja maulendo 20. Pakutha pa mwezi wadya K600,000, nsomba za usiku wathunthu, ndipo mlovi aliyense waberedwa K60,000 popanda tsiku limodzi limene anaona kuti waberedwa zoti n'kukwiya nazo.

Kuwerengera kotere kumapatsa wolemba zinthu zitatu nthawi imodzi. Akudziwa chifukwa chimene anthu khumi amphamvu akhalira chete. Akudziwa chimene mpangankhani wamkulu ayenera kutulukira, ndi njira yotulukira: kufunsa wogulitsa mafuta, kapena kuwerenga zigubu zimene zimakwera m'boti. Ndipo akudziwa chimene mdaniyo amaopa, chomwe si apolisi ayi, koma mlovi wodziwa masamu.

Taonani chithunzi cha m'mawa padoko. Maboti akocheza, amayi ogula nsomba akukankhana ndi mabeseni m'madzi ofika m'mawondo, ena ayamba kale kuyanika pa thandala. Bamboyo wakhala pa chigubu chopanda kanthu pansi pa mtengo, kabuku kali pabondo, cholembera chomangirira ulusi. Sakukuwa. Akunyowetsa chala ndi malovu, akuwerenga ndalama pang'onopang'ono, aliyense akumuitana ndi dzina la bambo ake. Atafika pa mwana wa mlongo wake akuwonjezerapo K1,000 ya m'thumba mwake, n'kunena motsitsa mawu kuti ena amve bwino: "Iyi ukawapatse mayi ako, agule shuga. Uwauze ndibwera Lachisanu kudzaona denga lija." Mnyamatayo akulandira ndi manja awiri: "Zikomo amalume." Wowerenga amene wadziwa kale za K260,000 ija amamva kuzizira m'msana. Palibe mpeni watuluka, palibe mawu oipa anenedwa.

Mdaniyu ayenera kufuna chinthu chodziwika, chowerengeka, chokhala ndi tsiku lake. "Amakonda ndalama" si cholinga. Cholinga ndi chonga ichi: akufuna injini yachiwiri mwera usanayambe mu Meyi ndi Juni, chifukwa mnzake wa doko lomwelo wagula kale ndipo akumulanda alovi abwino. Kapena akufuna mpando mu komiti ya padoko, ija ya BVC, kuti ukonde wake wa maso aang'ono usamalandidwe. Nyengo za kunyanja kuno zimathandiza wolemba kwaulere. Mwera ukaomba maboti amakhala pamtunda masiku angapo, alovi alibe cholowa, ndiye nthawi imene kabuku ka ngongole kamanenepa. Mu Novembala ndi Disembala boma limaletsa makoka ena kuti chambo chiswane. Mu Januwale ndi Febuluwale nkhokwe zimakhala zitauma, ndiye nyengo ya katapila, pamene wokongola K40,000 amalonjeza kubweza K80,000, kapena kulonjeza matumba a mpunga umene udakali wauwisi kudambo. Ikani nkhani yanu m'mwezi woyenera, ndipo mdani safunikanso kuthamangitsa munthu. Anthu amabwera okha pakhonde pake, zipewa zili m'manja.

Kenako mupatseni chilungamo chake. Apa ndi pamene alembi amachita mantha, poganiza kuti akamulola kulankhula zomveka ndiye kuti akumuikira kumbuyo. Koma yesani izi musanalembe nkhaniyo: muimikeni pabwalo la mfumu, m'mutu mwanu, mumulole adziteteze kwa mphindi zitatu. Anene kuti injini ikafa amakonzetsa yekha. Ukonde ukakodwa pa miyala n'kung'ambika, palibe mlovi amasonkha. Usiku umene abwerako chimanjamanja mafuta amakhala atapsa ndithu, ndipo amalipira ndi iye. Mlamu wake atamwalira bokosi anagula ndani? Fizi ya mnyamata amene lero akumuloza chalayu analipira ndani mpaka Fomu 2? Ngati pa zonsezi anthu a pabwalopo sangagwedeze mitu n'kunena kuti "komatu akunena zoona", mdani wanu sanapse. Mubwezereni pamoto. Zimene akunenazo zikhale zoona zonse. Bodza lake ndi limodzi lokha, loti zabwino zimenezi zamugulira ufulu wotenga chimene si chake, ndipo iye mwini amalikhulupirira ndi mtima wonse. Amagona tulo tabwino. Kutchalitchi kapena kumzikiti amakhala kutsogolo, ndipo sakunamizira, amapempheradi.

Pali vuto lina lofanana nalo koma la mbali inayo, limene lafala masiku ano. Wolemba wamva kuti mdani ayenera kukhala ndi chifukwa, ndiye amathera masamba awiri kufotokoza kuti anali wamasiye, ankagona ndi njala, mayi womupeza ankamumenya. Zotsatira zake n'zakuti mlandu wachoka pa iye wapita kwa anthu amene sali m'nkhanimo, ndipo nkhani yaima kudikira kuti mbiriyo ithe. Zakale za mdani zimakwana mu chiganizo chimodzi choikidwa pamalo pake. Mlekeni aone mlovi akutaya mutu wa nsomba, anene kuti, "Ine ndinakula ndi mitu imeneyo," n'kupitiriza kuwerenga ndalama. Zakwana. Wowerenga amaliza yekha.

Za kalankhulidwe. Chichewa chili ndi chida chimene alembi athu sachigwiritsa ntchito mokwanira, ndicho ulemu. Munthu amatha kukupha ndi "inu". Mdani amene nthawi zonse amati "iwe mphwanga" mwachikondi, tsiku limene adzanene kuti "Kodi achimwene, mwayamba liti kuwerenga zigubu zanga?" aliyense amadziwa kuti zinthu zaipa, ngakhale mawu sanakwere. Chimodzimodzi amene amalemekeza mlamu wake wamasiye pagulu, "alamu, alamu", akadzangoti "iwe" kamodzi ali awiri m'nyumba, nkhope yake yeniyeni yaoneka. Konzani kusintha kumeneku mwadala, ndipo kuchitike kamodzi kapena kawiri m'nkhani yonse. Kukachuluka kumatha mphamvu. Mupatseninso miyambi. Mdani wabwino amaidziwa miyambi kuposa wina aliyense m'nkhanimo, ndipo amaigwiritsa ntchito kutseka anthu pakamwa. Akanena kuti mnzako akapsa ndevu m'zimire, akukumbutsa ngongole.

Pa wailesi izi zimakula kwambiri, poti omvera alibe nkhope yoti aone. Olemba masewero a mawailesi a m'madera, ngati ya Nkhotakota, amakonda kupatsa munthu woipa mawu okhakhala ndi chiseko choopsa kuti adziwike msanga. Akadziwika msanga, omvera alibenso choyembekezera. Mupatseni wosewera wa mawu ofatsa, okoma kumva, amene omvera angamukhulupirire. M'malo mwa chiseko mupatseni kaphokoso kake: kutsegula masamba a kabuku, kugogoda cholembera, kulira kwa makiyi. Kamveke katatu m'zigawo zoyamba pa nthawi zabwinobwino, ndipo kachinayi, kakamveka kunja kwa chitseko usiku, omvera agwira mpweya.

Asamaonekenso paliponse. Sewero la mphindi 30 limakhala ndi zigawo zisanu ndi zitatu kapena khumi. Mdani aoneke m'zitatu kapena zinayi. M'zotsalazo amveke kudzera mwa anthu ena: mayi akutsitsa mawu potchula dzina lake, alovi akuleka nthabwala pamene njinga yake yamoto yamveka, mnyamata akubisa pepala limene walembapo masamu ake. Mu nkhani yaifupi ya mawu 1,500 yopita m'nyuzipepala, mawu otuluka pakamwa pa mdani asapitirire 200. Mantha a anthu ena ndiwo amamukuza. Iye akayamba kudzifotokoza yekha, kunena mapulani ake mokweza ali yekhayekha pabwalo, amafota ngati chibaluni.

Zoipa zake zikwere ngati makwerero, ndipo popondapo poyamba pakhale potsika moti owerenga amukhululukire. Choyamba ndi K3,000 ija. Chachiwiri, mwera uli pafupi kuomba, siginala, amene amatsogolera usodziwo ali pa bwato la nyali, wanena kuti nyanja sili bwino, koma iye akuti apite ndithu, ndipo amene akane aone kabuku. Abwerako amoyo, nsomba zambiri, aliyense akumutama kuti ali ndi diso. Chachitatu ndi chomwecho, koma mmodzi sabwerako. Taonani kuti sanasinthe khalidwe. Wachita chimene amachita masiku onse, kungoti ulendo uno nyanja yayankha. Kulakwitsa kofala n'kuyamba ndi kupha munthu pa tsamba loyamba. Mukatero mulibenso kokwera, ndipo mumakakamizika kuwonjezera mitembo mpaka nkhani isanduke nthabwala.

Pa makwerero amenewa mpangankhani wamkulu akhale ataponda nawo. Analandira K1,000 ya shuga ija. Usiku wachiwiri uja ndiye amene ananyengerera anzake kuti akwere boti, pofuna kusangalatsa amalume. Ndiye pofika pampondachimera, akafuna kuloza chala, chala chake chomwe chili ndi mamba. Mdani wamphamvu amadetsa anthu abwino, ndipo amadziwa kuwakumbutsa. Ngati mpangankhani wanu wamkulu wafika kumapeto ali woyera ngati mmene anayambira, ndiye kuti sanakumane ndi mdani, anangodutsana naye panjira.

Tsopano tinene za adani aulesi, amene timawapeza m'nkhani zambiri zimene achinyamata amalemba: gogo wokhala yekha kumapeto kwa mudzi amene ndi mfiti, mayi wopeza wankhanza, mtsikana wochokera ku Lilongwe wovala thalauzi, munthu wolumala kapena wa maonekedwe achilendo. Onsewa ali ndi chilema chimodzi pa luso: alibe mkhate. Ndi anthu amene m'moyo weniweni alibe mphamvu pa wina aliyense, ndiye wolemba amawabwereka mphamvu za matsenga kuti nkhani iyende. Matsenga m'nkhani zotere alibe malire, alibe mtengo, amachita chilichonse chimene wolemba wasowa pochitira, ndipo amathetsedwa ndi matsenga ena akulu kuposa pamenepo. Wowerenga sangathe kuwerengera chimene chichitike, choncho sangade nkhawa.

Koma nkhani ya gogo mfiti ili ndi zoposa luso, ndipo pano sitilankhula mozungulira. Mu Januwale 2016 ku Neno anthu okalamba anayi anaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo atawaganizira kuti ndiwo anachititsa mphenzi imene inapha mtsikana. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje, ku Phalombe ndi madera ena a kum'mwera. Abale athu achialubino akhala akusakidwa chifukwa cha zikhulupiriro za zizimba. Lamulo la za ufiti la 1911, limene likugwirabe ntchito, limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Sewero lililonse limene limatha ndi gogo akuulula kuti anadya mdzukulu wake, anthu n'kuwomba m'manja, likuphunzitsa ana okhala kutsogolo aja kuti mwana akadwala ayang'ane kunyumba iti. Wolemba sanganene kuti n'zongopeka. Anthu amachoka pabwalo la sewero n'kubwerera kumudzi kumene gogo weniweni akukhala yekha kumapeto.

Sitikuti ufiti usatchulidwe m'nkhani. Anthu amauopa, ndipo nkhani yonena za mudzi singadumphe mantha amenewo. Koma tembenuzani diso. Funsani kuti gogoyo akathamangitsidwa, munda wake wa mpunga kudambo utsala m'manja mwa ndani. Ndani anapita usiku kwa sing'anga uja asanabwere kudzaloza? Ndani anayamba kunong'ona pamaliro? Mdani ndi ameneyo, ndipo ali ndi zonse zimene tatchula: cholinga chowerengeka, nthawi yake mvula isanagwe, mawu aulemu, ndi mudzi wonse womugwirira ntchito osadziwa. Chimodzimodzi nkhani za chuma cha masiye. Lamulo la 2011 la chuma cha anthu omwalira linaika kulanda katundu wa amasiye m'gulu la milandu, ndiye wolanda wa lero sabweranso ndi lole tsiku la maliro. Amabwera ngati wothandiza: "Alamu, makiyi a chigayo ndisunge ine, inu mtima uli m'malo ayi." Wolemba amene akudziwa lamulolo amalemba mdani wochenjera kuposa amene sakulidziwa.

Nthano za agogo zinali zitaona kale zimenezi. Ana amaganiza kuti woipa ndi Fisi, koma Fisi ndi wadyera ndi wopusa, amagwa m'mbuna iliyonse, ndipo timamuseka. Amene amachita zoopsa ndi Kalulu. Amakana kukumba nawo chitsime koma madzi amamwa, amamanga alonda powanyengerera ndi uchi, amagwetsa akuluakulu m'mavuto akumwetulira, ndipo timamukonda. Ana akamamvera nthano amakhala mbali yake mpaka mochedwa. Wolemba wa lero atengepo phunziro la luso: owerenga ayenera kusangalala naye mdaniyo, kuseka nthabwala zake, kusirira nzeru zake, kuti pamene aona chimene iye ali, achite manyazi pang'ono kuti anamukonda. Chikomekome cha mkuyu chimagwira ntchito pokhapokha mkuyuwo ukomedi kunja.

Chotsala ndi kugwa kwake, ndipo apa ndi pamene nkhani zambiri zabwino zimafera. Njira zinayi zatopetsa: mphenzi, misala, kulapa mwadzidzidzi pamaso pa abusa, ndi galimoto ya apolisi yotulukira kumene sitinaione. Zonsezi zimachokera kunja kwa nkhani. Zimauza owerenga kuti anthu a m'nkhanimo sakanatha kuchita kanthu, anangopulumutsidwa. Mabungwe amene amalipira masewero ophunzitsa anthu nthawi zambiri amafuna mathero otere, kuti uthenga umveke, ndipo wolemba amafuna ndalamayo. Koma uthenga umamveka bwino anthu akaona njira imene iwo eni angatsate, osati chozizwitsa.

Mdani agwe ndi chida chake chomwe. Bambo wathu uja mphamvu yake ili m'kabuku, ndiye kabuku komweko kamugwetse. Munthu wosunga ngongole za anthu mosamala chotero amalembanso mtengo weniweni wa mafuta penapake, chifukwa iye mwini safuna kuberedwa. Onetsani tsamba limenelo koyambirira, mongodutsa, mwina pamene mphepo yatembenuza masamba iye n'kuwaphimba msanga ndi dzanja. Lidzabwerenso kumapeto, m'manja mwa munthu amene iye sankamuwerengera: mkazi wake amene amamutumiza kukatenga kabukuko, kapena mwana wa sukulu amene amamuwerengera manambala maso atayamba kufooka. Lamulo lake n'losavuta. Chilichonse chimene chidzamugwetse chioneke m'gawo loyamba mwa magawo atatu a nkhani, ndipo amene adzachigwiritse ntchito akhale ndi chake chimene ataye pochita zimenezo.

Ndipo mkhate usweke, kapena ung'aluke. Mukamupha khoswe mkhate n'kutsala wabwinobwino, ndiye kuti munatinamiza kuyambira pachiyambi kuti panali chovuta. Mlandu wakambidwa, mfumu yagamula, bamboyo walipa, manyazi amugwira, wakweza injini yake pa lole wasamukira kudoko lina cha ku Dwangwa kumene sakumudziwa. Alovi asanu ndi anayi atsala pamchenga. Mayi a mnyamata uja sakulankhula naye, chifukwa wachotsa mlongo wawo pamudzi, ndipo denga lija silinakonzedwe. Akazi a alovi ena akamuona amayang'ana kumbali. Iye anachita bwino, owerenga akudziwa, koma madzulo amenewo nsima ilibe ndiwo.

Chigawo chomaliza chikhoza kukhala chachifupi kwambiri. Mwezi uli mumdima, nyali za maboti a eni ena zayamba kuoneka patali panyanja ngati mudzi woyandama. Mnyamata uja ndi anzake atatu akukankha bwato lobwereka, lopanda injini, aliyense nkhafi m'manja. Mmodzi watulutsa kabuku katsopano ka masamba 40 kogula pagolosale, akufunsa kuti asunge ndani. Onse akuyang'ana mnyamatayo, poti ndiye wodziwa masamu. Iye akukalandira, akukaika m'thumba la pulasitiki kuti kasanyowe, n'kukalowetsa m'malaya.